Nkhumba Zikadzauluka

Mwana wa sukulu akamaphunzira Chingerezi amauzidwa msanga kuti chinthu chosatheka chimatchedwa "impossible," ndipo liwu limeneli amalisunga bwino, nalilemba pamayeso, nakhoza. Koma tsiku limene adzakhale pamsonkhano ndi eni ake a chinenerocho, kapena kutchera khutu ku wailesi ya ku London, kapena kutsegula nyuzipepala ya ku New York, adzaona kuti liwu lija silimveka kawirikawiri monga ankayembekezera. Mngerezi akafuna kukana maganizo a mnzake sakonda kulunjika. Amatola fanizo: nkhumba ya mapiko, njovu yoyera, mwezi wabuluu, chakudya cholendewera kuthambo. Mlendo wosadziwa amaseka nawo limodzi, osazindikira kuti amene akusekedwayo ndi iye amene.

Mabuku otanthauzira mawu amaunjika zining'a zoterezi pamalo amodzi, ngati kuti zonse zikunena chinthu chimodzi, chakuti "sizingatheke." Koma chining'a chili ngati muvi, chili ndi kumene chidaloza. China chimalasa wolankhula, kumunena kuti ndi wotengeka. China chimalasa wolonjeza, china wowononga chuma, ndipo china chimalasa msonkhano wonse wathunthu. Kalaliki, mphunzitsi, mtolankhani kapena womasulira amene wadziwa tanthauzo lokha, osadziwa amene muviwo ukumufuna, angathe kunyoza munthu amene sadafune kumunyoza, kapena kuthokoza pamene watukwanidwa.

Chodziwika koposa ndi cha nkhumba. Ku Britain amati "pigs might fly," ku America amati "when pigs fly," koma fanizo ndi limodzi: tsiku limene nkhumba zidzauluke ndilo tsiku limene chinthucho chidzachitike. Wina akanena pagulu kuti mkulu uja wotchuka ndi ngongole walonjeza kubweza zonse mwezi ukatha, mnzake sachita kutsutsa ndi zifukwa ayi. Amangotchula nkhumba zija, anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Wopwetekedwa apa si mwini ngongole yekha, koma makamaka amene wakhulupirira lonjezolo nabwera nalo pagulu. Chining'achi n'chakale ndithu. Chimapezeka m'buku la mawu a Chingerezi ndi Chilatini la John Withals limene lidasindikizidwanso mu 1616, ndipo m'menemo nkhumbazo sizikungouluka chabe, zikuuluka chafutambuyo, michira ili patsogolo. Lewis Carroll adasewera nacho m'mabuku ake awiri a Alice, la 1865 ndi la 1871. Kusankha nkhumba sikudali kwangozi, pakuti mwa ziweto zonse za pakhomo palibe chokonda pansi ngati nkhumba: thupi lolemera, miyendo yaifupi, mphuno m'matope tsiku lonse. Mitundu ina idasankha nyama zina. Afalansa amadikira tsiku limene nkhuku zidzamere mano, ndipo anthu a ku Spain amadikira kuti achule amere ubweya.

Mu 1909, patangopita zaka 6 kuchokera pamene abale awiri a banja la Wright adaulutsa ndege yawo ku America, mnyamata wina wa zaka 25, John Moore-Brabazon, adaganiza zochititsa manyazi chining'achi. Ameneyu ndiye adadzalandira chiphaso choyamba cha woyendetsa ndege m'dziko la Britain chaka chotsatira. Pa 4 November adatenga mwana wa nkhumba, namuika m'dengu, namangirira dengulo ku phiko la ndege yake, nauluka naye kuchokera pa chilumba cha Sheppey m'chigawo cha Kent. Padengupo padalembedwa kuti imeneyi ndiyo nkhumba yoyamba kuuluka, ndipo chithunzi chake chilipo mpaka lero. Nkhumba idauluka, idatera bwinobwino, koma chining'a sichidagwedezeke mpang'ono pomwe. Apa m'pamene paonekera khalidwe lenileni la mawu oterewa. Iwo si umboni, ndipo umboni suwapha. Ndi chigamulo choperekedwa mlandu usanazengedwe, ndipo mphamvu yake yonse ili m'kuseka kwa anthu amene ali pomwepo.

Munthu yemweyu adadzakumananso ndi chining'a china, ulendo uno mosaseketsa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, atapatsidwa ulemu wotchedwa Lord Brabazon, adatsogolera komiti ya boma yolinganiza ndege zonyamula anthu zimene Britain adzapange mtendere ukadzabwera. Yaikulu koposa idatchedwa dzina lake, Bristol Brabazon. Idali ndi mainjini 8, mapiko ake adali otalika mamita 70 kuchokera nsonga ina kufika ina, ndipo kuti ipeze bwalo lokwanira pothamangira isananyamuke, mudzi wa Charlton pafupi ndi Bristol udagumulidwa, anthu ake nasamutsidwa. Idauluka koyamba mu September 1949. Koma chindege chonsecho chidakonzedwa kuti chizinyamula anthu 100 okha, atakhala motakasuka ngati m'hotela, ndipo palibe kampani ndi imodzi yomwe imene idachiitanitsa. Mu 1953 adachiphwasula, nagulitsa zitsulo zake. Angerezi adachitcha "white elephant," njovu yoyera.

Njovu yoyera si chinthu chosatheka ayi. Ilipo, imaoneka ndi maso, mwinanso imagwira ndithu ntchito yake. Vuto lake n'lakuti imadya koposa zimene imabweretsa, ndipo mwini wake sangathe kuitaya popanda manyazi. Fanizoli lidachokera ku Siam, dziko limene lero likutchedwa Thailand, ndi ku Burma, kumene njovu zotuwa khungu zinkayesedwa zopatulika, chuma cha mfumu yokha. Mbendera ya Siam idali ndi njovu yoyera pansalu yofiira kufikira m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Njovu yotere sinkaloledwa kukoka mitengo kapena kunyamula katundu monga zinzake, komabe inkafuna chakudya choposa makilogalamu 100 patsiku, ndi anthu oisamala, ndi nyumba yakeyake. Ku Europe kudafala nthano yakuti mfumu ikakwiya ndi nduna yake inkaipatsa njovu yotere ngati mphatso. Kukana kudali kosatheka, kugulitsa kosatheka, kuigwiritsa ntchito kosatheka, kufikira nduna ija itasauka. Nthano imeneyi ndiyo idabala chining'a, ndipo lero chimanenedwa za fakitale yomangidwa kutali ndi zipangizo zake, kapena bwalo la masewero limene lidadzaza kamodzi kokha, tsiku lotsegulira. Mawuwa akamveka m'nyumba ya malamulo saseketsa nduna, chifukwa akunena za ndalama za msonkho. Womasulira amene angawatembenuze kuti "chinthu chosowa ndi chamtengo wapatali," poganiza kuti njovu yoyera ndi ulemu, wasandutsa chidzudzulo kukhala chiyamikiro.

Chowawa koposa zonse, ngakhale chimamveka chopepuka, ndi "pie in the sky." "Pie" ndi chakudya chowotcha mu uvuni, nyama kapena zipatso zokutidwa ndi chikhokho cha ufa wa tirigu, ndipo "sky" ndi thambo. Zining'a zambiri sizidziwika amene adaziyamba, koma ichi chili ndi mwini wake, ndi chaka chomwe. Joe Hill adabadwira ku Gävle m'dziko la Sweden mu 1879, dzina lake la pakhomo lili Joel Hägglund, ndipo adapita ku America mu 1902 kukafuna ntchito. Adakhala moyo wa aganyu oyendayenda, lero padoko, mawa kumgodi, kenaka nalowa bungwe la anthu apantchito lotchedwa Industrial Workers of the World. Masiku amenewo, m'mizinda ya kumadzulo kwa America, anthu a bungweli ankaima pamphambano za misewu kulankhula ndi osowa ntchito, ndipo m'misewu yomweyo munkaimanso gulu la Salvation Army ndi malipenga ndi ng'oma zake, likuimba nyimbo zauzimu. Malipenga ankamiza mawu a olankhula. Apantchito aja adapeza nzeru. Adayamba kupeka mawu awoawo pa maimbidwe a nyimbo zomwezo, kotero kuti malipenga a anzawo adasanduka owaimbira iwo.

Mu 1911 mudatuluka nyimbo ya Hill yotchedwa "The Preacher and the Slave," yoimbidwa pa maimbidwe a nyimbo yotchuka ya m'tchalitchi yonena za dziko lokoma la kutsidya kwa imfa. Mfundo yake idali yakuti wanjala akapempha chakudya kwa alaliki amayankhidwa kuti apirire, adzadya bwino kumwamba akadzamwalira. Patapita zaka zowerengeka Hill adaweruzidwa kuti adapha mwini golosale ndi mwana wake ku Salt Lake City, mlandu umene anthu akutsutsanabe za chilungamo chake, ndipo adamuombera ndi mfuti mu November 1915, ngakhale Pulezidenti Woodrow Wilson adapempha kuti chilangocho chiimitsidwe. Nyimboyo ambiri adaiiwala. Mawu anayi aja adatsala.

Chiyambi chimenechi n'chofunika kuchidziwa, chifukwa chikusonyeza amene mawuwa amamulasa. Sanena wanjala kuti ndi wolota ayi. Amanena wolonjeza, kuti akugula bata la lero ndi mphotho imene sadzafunsidwa kuipereka. Chichewa chili nayo nzeru yofananirapo, pakuti akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Koma mwambi umenewu umalangiza wolandira kuti asadalire chimene sichidafike, pamene chining'a cha Chingerezichi chimaimba mlandu wopereka. M'kupita kwa zaka mawuwa adachoka pakhomo pa tchalitchi nalowa m'ndale, ndipo nyengo ya chisankho ku Britain kapena ku America siitha asanamveke. Chodabwitsa n'chakuti masiku ano amene amawatchula kawirikawiri ndi osunga chuma, pokana zopempha za anthu apantchito: malipiro okwera, masiku ochepa a ntchito, maphunziro aulere, zonsezi zimakankhidwira pambali ndi mawu anayi omwe aja. Mkondo umene adasula aganyu watoledwa ndi mbali inayo.

Wolota naye ali nazo zining'a zake. "Castles in the air," ndiko kuti nyumba zachifumu zomangidwa m'malere, ndi chofatsa, ndipo mayi angathe kuchinena kwa mwana wake amene akuwerengera malipiro a ntchito imene sadaipeze n'komwe. Afalansa nyumba zotere amazimanga ku Spain, ndipo akhala akutero kuyambira zaka za m'ma 1200. "Pipe dream" ili ndi fungo loipirapo. "Pipe" wakeyo si paipi ya madzi, monga ophunzira ambiri amaganizira, koma kaliwo, ndipo malotowo ndi a osuta opium m'tinyumba tobisika ta m'mizinda ya ku America cha m'ma 1890. Kuuza munthu kuti pulani yake ndi "pipe dream" kudali kumunena kuti walankhula ataledzera ndi utsi. Lero olankhula ambiri saganizanso za opium, monganso amene amati "maloto a chumba" sakumbukira chisoni cha mayi wosabereka chimene chidagona pansi pa mawuwo. Komabe mawu onse awiriwa sayenera kutuluka m'kamwa mwa wamng'ono polankhula ndi wamkulu.

Palinso mtundu wina wa chosatheka umene anthu a m'makomiti amaudziwa bwino: pulani yanzeru, yomveka, yovomerezedwa ndi onse, yosowa woichita. Pamenepa Angerezi amafunsa kuti, "who will bell the cat?" Nthano yake n'njakuti makoswe adachita msonkhano wokambirana za mphaka amene ankawatha mmodzimmodzi, ndipo wina wochenjera adati am'mangirire belu m'khosi kuti azimveka akamabwera. Onse adaomba m'manja, kufikira khoswe wina wokalamba atafunsa kuti wopita kukamanga belulo ndani. William Langland adaiika nthanoyi m'ndakatulo yake yaitali yotchedwa Piers Plowman cha m'ma 1370, akuphiphiritsa za akuluakulu a nthawi yake. Ku Scotland, Archibald Douglas, mkulu wa chigawo cha Angus, amakumbukiridwa ndi dzina lakuti "Bell-the-Cat" chifukwa cha zimene zidachitika ku Lauder mu 1482, pamene akuluakulu a dziko adagwira okondedwa a Mfumu James III nawanyonga pa mlatho. Mbiri imati ena onse akuzengereza, iye ndiye adadzipereka kuyamba. Chining'achi sichinyoza pulani. Chimanyoza mantha a amene aipanga, ndipo wofunsayo amadziwerengera nayenso m'gulu la makoswe. N'chifukwa chake msonkhano umachilandira popanda mkwiyo.

Chimene chimasokoneza wophunzira koposa n'chakuti zining'a sizikhazikika. Zimasamuka ndi matanthauzo awo. Mu 1528 Angerezi awiri amene adathawa kwawo chifukwa cha chipembedzo, William Roy ndi Jerome Barlow, adasindikiza kabuku konyoza akuluakulu a mpingo, nadandaula kuti anthu wamba akukakamizidwa kuwakhulupirira ngakhale atanena kuti mwezi ndi wabuluu. Pamenepo mwezi wabuluu udali bodza lamkunkhuniza. Pofika zaka za m'ma 1800, "once in a blue moon" idali itayamba kutanthauza chinthu chochitika patalipatali, ndipo chilengedwe chidavomereza. Phiri la Krakatoa ku Indonesia litaphulika mu 1883, fumbi lake lidazungulira dziko lonse, ndipo m'maiko angapo anthu adaona mwezi wabuluu. Mu September 1950 utsi wa moto wa m'nkhalango za ku Canada udaoloka nyanja ya Atlantic, ndipo dzuwa ndi mwezi zidaoneka zabuluu ku Scotland. Zimenezi zimachitika pamene tinthu ta fumbi kapena utsi tili pa msinkhu umene umamwaza kuwala kofiira n'kulola kwabuluu kudutsa. Mu 1946 wolemba wina m'magazini ya Sky & Telescope, atamva molakwa kawerengedwe ka kalendala ina ya alimi, adati "blue moon" ndi pamene mwezi wakhwima kachiwiri m'mwezi umodzi wa pakalendala, ndipo cholakwacho chidafala mpaka chidasanduka tanthauzo. Popeza mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ukhwimenso, zimenezi zimachitika zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Zidachitika mu August 2023, pa 1 ndi pa 31. Motero kholo lodandaula kuti mwana wake amabwera kumudzi "once in a blue moon" silikunena kuti sabwera. Likunena kuti amabwera mwa kamodzikamodzi, ndipo dandaulo lake ndi lomwelo.

Koma palibe chining'a chimene chidatembenuka moipa ngati cha jombo, "to pull yourself up by your bootstraps." "Bootstraps" ndi timalamba tosokerera kukamwa kwa jombo, togwirapo povala. Aliyense angathe kuyesa: kuwerama, kugwira nsapato zimene wavala, n'kukoka kuti adzinyamule. Sanyamuka, pakuti mphamvu imene manja akukokera m'mwamba ndi yomweyo imene thupi likukankhira pansi. M'nyuzipepala za ku America za m'ma 1830 mawuwa adali chipongwe, chosekera munthu wodzitama kuti wachita chimene chilengedwe chimaletsa. Pofika zaka za m'ma 1900 chipongwe chija chidali chitasanduka langizo, ndipo lero wolemera amauza wosauka, nkhope ili gwa, kuti adzinyamule ndi malamba a jombo zake, kutanthauza kuti adzithandize yekha osayembekezera wina. Kudzidalira n'kwabwino ndipo palibe angatsutse zimenezo. Koma n'zomvetsa chisoni kuti fanizo losankhidwa polalikira kudzidalirako ndi la chinthu chimene palibe munthu adachichitapo. Martin Luther King adaliona dzenje limeneli. Polalikira ku Washington pa 31 March 1968, patatsala masiku 4 kuti aphedwe, adanena kuti ndi nkhanza kulamula zimenezi kwa munthu amene alibe jombo n'komwe. Akatswiri a makompyuta okha ndiwo adasunga nthabwala yoyamba ija. Makina awo amafuna malangizo kuti athe kuwerenga malangizo, ndiye pouka amachita ngati akudzinyamula okha, ndipo n'chifukwa chake kudzutsa kompyuta amakutcha "to boot."

Zina ndi misampha ya kamvekedwe chabe. "Slim chance," mwayi woonda, ndi "fat chance," mwayi wonenepa, zikadayenera kukhala zotsutsana, koma wonenepayo ndiye woipa koposa: woondayo ndi mwayi wochepa, pamene wonenepayo ndi kusowa mwayi kotheratu, konenedwa mwachipongwe. "Don't hold your breath" sichenjezo la kapumidwe. Akunena kuti wodikirayo adzatopa. "A long shot" yokha ndiyo imasiyako kachiyembekezo, ndipo munthu angathe kuinena za pulani yake yomwe popanda manyazi.

Ndipo kumene ulemu uli wofunika koposa, monga m'maofesi a boma ku London, nkhumba ndi njovu sizitchulidwa n'komwe. Kumeneko kukana kumabisala m'mawu oyamikira. Pulani imene palibe akuikhulupirira imatchedwa "ambitious" kapena "interesting," ndipo mlendo amatuluka m'chipindamo akumwetulira, akuyembekezera kalata imene sidzalembedwa. Sewero la pa wailesi yakanema ya BBC lotchedwa Yes Minister, limene lidayamba mu 1980, lidatchuka ndi luso limeneli. M'seweromo mlembi wamkulu wa unduna, Sir Humphrey Appleby, akafuna kupha maganizo a nduna yake, Jim Hacker, satsutsa ndipo sakweza mawu. Amangoyamikira kuti chimene nduna yasankhacho ndi "courageous," chosonyeza kulimba mtima. Nduna imamva nthawi yomweyo kuti chinthucho chingathe kuigwetsa pachisankho, nkhope n'kusintha, n'kuyamba kufunsa ngati palibe njira ina.